Mayi Akamati "Ndili Bwino": Ukalamba ndi Kuvutika Maganizo ku China

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, IKWERE KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tipita kutali, ku China. Tikamba za anthu okalamba a m'dzikoli, mmene ana awo amawathandizira, ndi chifukwa chake ambiri a iwo akudwala matenda ovutika maganizo, amene achipatala amati depression, chonsecho ali m'dziko limene kulemekeza makolo ndi mwambo wozika mizu kwambiri.

Muyambe mwamva kukula kwa nkhaniyi. Kalembera amene boma la China linachita mu 2020 anapeza kuti anthu azaka 60 kupita m'tsogolo analipo 264 miliyoni. Pofika kumapeto kwa 2024 anali atakwana 310 miliyoni. Ndiye kuti pa anthu asanu alionse amene mungakumane nawo, mmodzi ndi wokalamba. Kalembera yemweyo anasonyezanso kuti m'nyumba mukuchepa anthu. Mu 2010, tikagawa mofanana, nyumba imodzi inkakhala ndi anthu atatu ndi kupitirirapo pang'ono. Pofika 2020 sankakwananso atatu.

Agogo amenewa aona zambiri. Amene lero ali ndi zaka za m'ma 70 anali ana pa nthawi ya njala yaikulu ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. Unyamata wawo unagwera m'chipwirikiti cha ndale cha 1966 mpaka 1976, pamene sukulu zinkatsekedwa ndipo anthu ankanenezana kwa akuluakulu a chipani cholamula, ngakhale apachibale. Munthu amene wadutsa m'zimenezi amaphunzira kupirira ndi kutseka pakamwa. Musaiwale mfundo imeneyi, tiyifunanso kutsogoloku.

Kuyambira nthawi ya mphunzitsi Confucius, pafupifupi zaka 2,500 zapitazo, banja la ku China lakhala likuyenda ndi pangano losalembedwa. Kumeneko ukwati ndi wachitengwa, mkazi ndiye amasiya kwawo kukakhala kwa mwamuna. Makolo amalera mwana wamwamuna, amamumangira nyumba, amapereka ndalama kwa makolo a mkazi. Iwo akakalamba, mwanayo ndi mkazi wake amawadyetsa, amawadwazika, ndipo akamwalira amawaika m'manda mwaulemu. Agogo a lerowa anasamala makolo awo m'njira imeneyi, ndipo ankayembekeza kuti nawonso zidzawayendera chimodzimodzi.

Zinthu ziwiri zinasokoneza panganolo. Choyamba ndi lamulo loti banja likhale ndi mwana mmodzi, limene boma linalikhwimitsa mu 1980 n'kulithetsa kumapeto kwa 2015. Kumidzi mabanja ambiri ankaloledwa kubereka wachiwiri ngati woyamba anali wamkazi, koma m'mizinda lamuloli linali losapindika. Zotsatira zake lero ndi mwamuna ndi mkazi, aliyense wobadwa yekha kwawo, amene akusamala makolo anayi pamodzi ndi mwana wawo. Mmodzi mwa makolo anayiwo akagonekedwa m'chipatala, palibe mchemwali kapena mchimwene woti asinthane naye podikirira wodwala.

Chachiwiri ndi ulendo wopita kumizinda. Mu 2020 anthu 376 miliyoni ankakhala kutali ndi kwawo kumene analembetsedwa. Achinyamata ochokera ku Sichuan, Henan, Anhui ndi Hunan anakhamukira ku mafakitale a ku Shenzhen ndi Dongguan, ena kukamanga nyumba zosanja ku Shanghai ndi Beijing. Mufunsa kuti bwanji osatenga makolo awo? China ili ndi kaundula wa mabanja wotchedwa hukou, amene anakhazikitsidwa mu 1958. Kwa zaka zambiri, malo a mwana kusukulu ya boma ndi thandizo la kuchipatala zinkadalira kumene munthu analembetsedwa. Onjezani kukwera mtengo kwa lendi mumzinda ndi kachipinda kamodzi kamene wantchito amagonamo. Motero amphamvu amapita, okalamba ndi ana aang'ono amatsala. Ambiri amaonana kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano cha ku China chimene chimagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Amakhala limodzi masiku ochepa, kenako basi kapena sitima imawatenganso.

Chotsala pakati pawo miyezi ina yonseyo ndi foni. Tamverani kasewero aka. Anthu ake ndi ongopeka, koma macheza otere amachitika m'midzi yambiri usiku uliwonse.

(KULIRA KWA FONI)

MWANA: Amayi, mwadya?

MAYI: Ndadya, mwanangu. Iwe wadya?

MWANA: Ndangoweruka kumene, ndidya posachedwa. Ndalama ndinatumiza zija mwalandira?

MAYI: Ndalandira. Koma usamatumize zambiri, kunoko sindisowa kanthu. Sunga za sukulu ya mwana.

MWANA: Nanga mutu uja unasiya?

MAYI: Ndi ukalamba chabe umenewu. Ndili bwino. Uvale zofunda, akuti kwanuko kwazizira.

MWANA: Chabwino amayi, mawa ndilawirira kuntchito. Ndidzaimbanso Lamlungu.

MAYI: Pita ukapume. Usamadandaule za ine.

(FONI IDUKA. NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mwanayu sanalakwe kanthu. Waimba foni, watumiza ndalama, wafunsa za mutu. Wagona mtima uli m'malo. Zimene foni sinamuonetse ndi izi: mpunga umene mayi ake anaphika dzulo udakali mumphika. Akhala akudzidzimuka 3 koloko usiku kwa miyezi iwiri, n'kukhala maso mpaka tambala. Dimba lawo la kabichi lamera udzu, ndipo anzawo amene amasewera nawo mahjong pansi pa mtengo aleka kuwaitana chifukwa tsiku lililonse amayankha kuti atopa.

Mayiyu sakunama chifukwa chosakonda choonadi. Mwambo womwewo umene umauza mwana kuti asamale makolo umauzanso kholo kuti lisakhale mtolo kwa mwana. Palinso china chozama kuposa pamenepa. M'mudzi mukamveka kuti gogo uje sakukondwa, amangolira, anthu safunsa kuti akudwala chiyani. Amati mwana wake ndi wosayamika. Choncho mayi akamati ali bwino, akutchinjiriza dzina la mwana wake. Ine ndikuona kuti apa m'pamene pagona vuto lonse: chikondi cha mbali zonse ziwiri chikuthandiza matenda kubisala.

Nanga tikudziwa bwanji kuti vutoli ndi lalikulu, poti eni ake sanena? Mu 2011 akatswiri a pa Peking University anayamba kafukufuku wamkulu wotchedwa CHARLS. Anafika m'midzi ndi m'madera a m'mizinda okwana 450, m'zigawo 28, n'kucheza ndi anthu oposa 17,000 azaka 45 kupita m'tsogolo, ndipo akhala akubwerera kwa anthu omwewo pakapita zaka zingapo. Sankafunsa kuti kodi mukudwala maganizo, chifukwa yankho lake linali lodziwikiratu. Ankafunsa mafunso khumi ang'onoang'ono okhudza sabata yapitayo. Tulo munkagona bwanji? Kodi munkaona ngati kantchito kalikonse n'kolemetsa? Munkasungulumwa masiku angati? Munali ndi mantha? Mukaganiza zakutsogolo, munkaona chiyembekezo?

Lipoti limene linatuluka mu 2013 linasonyeza kuti pa anthu khumi alionse azaka 60 kupita m'tsogolo, anayi anali ndi zizindikiro zambiri za kuvutika maganizo. Amayi anali ochuluka kuposa abambo. Kafukufuku wotsatira wakhala akupeza zofanana: akumudzi amavutika kuposa a mumzinda, ndipo amasiye, odwaladwala ndi osauka ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Ndifotokoze bwino apa kuti tisasokonezane. Mafunso khumiwa sapima matenda ngati mmene dokotala amachitira. Si onse anayiwo amene dokotala akanawapeza ndi matendawa. Koma munthu amene sakugona, akusungulumwa, ndipo sakuona chabwino kutsogolo, ndi munthu amene akuvutika, kaya chipatala chimulemba m'buku kapena ayi.

Matenda enieniwo ndi otere. Munthu amakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposa. Zimene ankakonda zimasiya kumusangalatsa. Tulo timasokonekera, chakudya sichikoma, thupi limalefuka, amaiwalaiwala, amadziona wopanda ntchito, ndipo ena amayamba kulakalaka imfa. Si ulesi, si kusayamika, ndipo si gawo la ukalamba limene aliyense ayenera kudutsamo. Ndi matenda, ndipo amachizika.

Koma gogo wa ku China akafika kuchipatala, kawirikawiri satchula za kukhumudwa. Amati mutu ukuwawa, ndikuchita chizungulire, pachifuwa pakundithina, sindikugona. Mu 1980 dokotala wa ku America, Arthur Kleinman, anakagwira ntchito pa chipatala cha sukulu ya udokotala ku Changsha, m'chigawo cha Hunan. Anayeza odwala 100 amene madokotala akumeneko anawauza kuti ali ndi kufooka kwa mitsempha, dzina limene linali lofala ndiponso losachititsa manyazi. Anapeza kuti 87 mwa iwo anali ndi zizindikiro zokwanira za matenda ovutika maganizo. Anthuwa sankanamizira mutu, unkawawadi. Kungoti ululu wa m'thupi ndi umene unali wololedwa kuutchula. Zaka zapita, achinyamata a m'mizinda tsopano amakamba za maganizo momasuka, koma m'badwo wa agogo aja udakalankhula kudzera m'thupi. Mwana akamva za mutu amagula mankhwala a mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za okalamba a ku China, mabanja awo, ndi matenda ovutika maganizo. Tsopano tifike pa funso lenileni. Kodi thandizo la banja limatchinjirizadi munthu ku matendawa? Yankho ndi inde, koma si thandizo lililonse, ndipo si lochokera kwa aliyense.

M'chigawo cha Anhui muli dera lotchedwa Chaohu, kumene achinyamata ambiri amachoka kukagwira ntchito kumizinda. Kuyambira mu 2001, Li Shuzhuo wa pa Xi'an Jiaotong University, pamodzi ndi Merril Silverstein ndi Zhen Cong, akhala akutsatira moyo wa okalamba a m'midzi ya kumeneko. Anapeza kuti agogo okhala m'nyumba ya mibadwo itatu, ndiye kuti iwo, ana awo ndi zidzukulu, anali ndi mtendere wa mumtima kuposa okhala okha. Izi sizodabwitsa. Chodabwitsa chinali chakuti agogo amene anatsala ndi zidzukulu zokha, ana awo ali kutali, nawonso anali bwinoko kuposa okhala okha. Ofufuzawo atalondola chifukwa chake, anapeza kuti agogo olera zidzukulu ankalandira ndalama zambiri kuchokera kwa ana awo, ndipo ndalamazo ndizo zinkafotokoza kusiyanako. Anapezanso kuti agogo amene ankamva kuti ali pafupi ndi ana awo mumtima, kuti mwana amawamvetsera akafuna kukamba zakukhosi, anali ndi zizindikiro zochepa.

Timamva kawirikawiri kuti makolo safuna ndalama, amangofuna chikondi. Mawu okoma amenewo, koma amanenedwa ndi anthu okhuta. Kwa gogo amene akuwerengera ngati akwanitse kugula mankhwala a shuga mwezi uno, ndalama yochokera kwa mwana ndi tulo. Komanso ndalamayo imanena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Imati sindinakuiwaleni, ndipo kwa gogo amene akulera mdzukulu imatinso ntchito mukugwirayo ndikuiona. Gogo amene akuphikira mdzukulu, kumuperekeza kusukulu, kumuchapira yunifolomu, sakulandira chithandizo ngati wopemphapempha. Akusinthana ndi mwana wake, aliyense akupereka chimene ali nacho. Munthu amene akudziwa kuti wina akumudalira amakhala ndi chifukwa chodzukira m'mawa.

Zinthu zimasintha pamene kusinthanako kwapendekera mbali imodzi. Gogo wa mawondo owawa amene wasiyiridwa zidzukulu zitatu, ndalama osabwera, foni osalira, ameneyo sakulemekezedwa, akugwiritsidwa ntchito. Palinso gulu lina la agogo amene anatsatira ana awo kumzinda kukalera mdzukulu. Kunja zimaoneka ngati apeza mwayi: nyumba ya madzi otentha, chakudya chokwanira, mwana ali pompo. Koma ana amachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Gogo amatsala m'nyumba yosanja, m'mwamba, pakati pa anthu olankhula chinenero chosiyana ndi cha kwawo, anzake onse anatsala kumudzi, nthawi zina ngakhale mwamuna wake anatsala kumeneko kuyang'anira munda. Angathe kugona denga limodzi ndi mwana wake koma n'kusungulumwa kuposa mmene akanachitira kumudzi.

Kafukufuku wa ku Chaohu anatulutsanso mfundo ina imene imandichititsa chidwi. Mu 2008 Cong ndi Silverstein analemba kuti thandizo la ntchito za pakhomo ndi la kudwazika likamachokera kwa mkazi wa mwana wawo, zizindikiro za kuvutika maganizo kwa agogo zinkachepa. Koma thandizo lomwelo likamachokera kwa mwana wamwamuna weniweniyo, nthawi zina zinkawonjezeka. Chifukwa chake chili m'mwambo. Kumeneko kusambitsa ndi kuphikira apongozi ndi udindo wa mtengwa. Mwana wamwamuna akayamba kugwira yekha ntchito imeneyi, gogo amaona kuti m'nyumba mwalakwika chinachake, kuti mtengwa wamukana, ndipo mudzi ukuona. Madzi osamba ndi omwewo, koma mtima umawalandira mosiyana malinga ndi dzanja limene lawabweretsa. Ndinene pano kuti mtengwayo naye ndi munthu. Ali ndi ntchito ku fakitale, ali ndi makolo ake amene mwina alibe mwana wina. Mwambo umene umaika katundu yense pamutu pa mkazi mmodzi sungapirire nthawi ino, ndipo kumudzudzula iye sikuchiritsa gogo aliyense.

Boma la China linaona kuti pangano lakale likulekeka, ndipo linayesa kulimanga ndi lamulo. Pa 1 Julaye 2013 linayamba kugwira ntchito lamulo lokonzedwanso loteteza ufulu wa okalamba, limene limati achibale okhala kutali ndi makolo okalamba azipita kukawaona kapena kuwalonjera pafupipafupi. Tsiku lomwelo, khoti la mumzinda wa Wuxi m'chigawo cha Jiangsu linagamula mlandu wa mayi wazaka 77 amene anasumira mwana wake wamkazi. Khoti linalamula kuti mwanayo azikaona mayi ake kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse, komanso pa masiku ena a tchuthi cha dziko.

Mayi ameneyu anapambana mlandu, koma ndikamuganizira mtima umandiwawa. Taganizani kukhala pakhonde kudikira mwana amene akubwera chifukwa woweruza wamulamula. Khoti lingathe kubweretsa munthu pakhomo, koma silingamukhazike pansi kuti afunse ndi mtima wonse kuti amayi, tulo mukugona? Komabe sindikuti lamuloli n'lachabe. Linavomereza poyera kuti wokalamba amafunika zambiri kuposa chakudya ndi denga. Ndipo pambuyo pake panabwera njira zina zothandiza mwana amene akufunadi kusamala makolo koma ntchito ikumumanga. Kuyambira mu 2019 munthu wosamala makolo okalamba amachotseredwa msonkho, ndipo zigawo zambiri zinakhazikitsa tchuthi chapadera choti mwana wobadwa yekha akadikirire kholo lake likagonekedwa m'chipatala. Izi n'zimene zimafika pa vuto lenileni, chifukwa ana ambiri sanataye makolo awo. Akusowa nthawi ndi ndalama.

Za ndalamazo, mlimi wa ku China anakhala zaka zambiri wopanda penshoni. Ndondomeko ya penshoni ya akumidzi inayamba mu 2009, ndipo gawo limene boma linkapereka linali 55 yuan pamwezi. Pofika 2025 ndalama yochepetsetsa inali 143 yuan, pafupifupi madola 20 a ku America, ngakhale zigawo zolemera zimawonjezerapo. Yerekezani ndi munthu amene anapuma pa ntchito yolembedwa mumzinda, amene kawirikawiri amalandira ndalama zoposa 3,000 yuan pamwezi. N'chifukwa chake m'minda ya ku China mumapezeka anthu azaka 70 akuweramabe. Ngakhale penshoniyo ndi yochepa chonchi, ofufuza apeza kuti okalamba amene anayamba kuilandira zizindikiro zawo za kuvutika maganizo zinatsika. Kandalama kakekake kamamupatsa gogo mphamvu yogula sopo kapena kupatsa mdzukulu kamphatso pa Chaka Chatsopano popanda kutambasula dzanja kwa mwana.

(NYIMBO YODEKHA)

WOULUTSA: Pali mbali ina yowawa imene sindingaidumphe. Mu 2002 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Michael Phillips ndi anzake a ku Beijing. Anawerengera kuti m'zaka za 1995 mpaka 1999 anthu pafupifupi 287,000 ankadzipha chaka chilichonse ku China, ndipo kumidzi vutoli linali lalikulu katatu kuposa m'mizinda. Kuchokera nthawi imeneyo chiwerengerochi chatsika kwambiri, makamaka pakati pa atsikana ndi amayi achichepere akumidzi. Koma okalamba akumidzi adakali gulu limene lili pachiopsezo chachikulu kuposa ena onse. Ofufuza amene anakhala m'midzi kucheza ndi mabanja amatchula zifukwa zobwerezabwereza: matenda osatha, mikangano ya m'banja, ndi maganizo oti ndikungodyera ana anga ndalama. Gogo akayamba kunena kuti ndatha ntchito ine, bola kungopita, amenewo si mawu a ukalamba oti tiziwaseka. Ndi kulira kofuna thandizo, ndipo munthu wotere asasiyidwe yekha.

Thandizolo n'lochepa. Kafukufuku wa dziko lonse amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya The Lancet Psychiatry anapeza kuti pa anthu akuluakulu 100 alionse odwala matenda ovutika maganizo ku China, osakwana 10 ndiwo analandira chithandizo chilichonse, ndipo amene analandira chithandizo chokwanira sanafike ngakhale mmodzi. Madokotala ambiri a matenda a maganizo ali m'mizinda. Gogo wa kumudzi sangakwere basi yekha kupita ku chipatala chimene anthu amati n'cha amisala.

Apa banja, ngakhale lachikondi chotani, limafika pothera nzeru. Mwana angathe kuimba foni tsiku lililonse, koma matenda akazika mizu pamafunika mankhwala kapena uphungu wa munthu wophunzira. M'chigawo cha Zhejiang anayesa njira imene ine ndikuiona kuti ndi yanzeru. M'midzi yoposa 200 anasankha okalamba amene anali ndi matenda awiri pamodzi, kuthamanga kwa magazi ndi kuvutika maganizo. M'midzi ina mwa imeneyi anagwirizanitsa anthu atatu: dokotala wa pamudzi, munthu wa m'mudzi momwemo wophunzitsidwa kuyendera okalamba ndi mabanja awo, ndi dokotala wa matenda a maganizo wowalangiza kuchokera kuchipatala chachikulu. Gogo ankapita ku kachipatala ka m'mudzi mwake, kumene amapita kale kukayezetsa magazi, ndiye panalibe chochititsa manyazi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022. M'midzi imene munali njirayi, okalamba anapeza bwino m'maganizo kuposa a m'midzi inayo, ndipo ngakhale kuthamanga kwa magazi kunatsika bwino.

Okalamba nawonso sanangokhala manja lende. Mu 2008 mudzi wa Qiantun m'boma la Feixiang, ku Hebei, unasandutsa sukulu imene inasiya kugwira ntchito kukhala nyumba ya okalamba okhala okha. Amakhala pamodzi, chakudya ndi zovala amabweretsa okha kapena ana awo amawapatsa, ndipo wamphamvu amayang'anira wofooka. Njira imeneyi inafalikira m'zigawo zambiri, kwina ikuyenda bwino, kwina nyumbazo zinangotsala zotseka chifukwa chosowa ndalama zoyendetsera. M'mizinda, madzulo alionse, amayi achikulire amasonkhana pabwalo ndi sipika yawo n'kumavina. Anthu oyandikana nawo amadandaula za phokoso, koma pagulu limenelo mmodzi akajomba masiku atatu, anzake amakagogoda pakhomo pake. Mwana amene ali ku Shenzhen sangathe kuchita zimenezo.

Pali gulu limodzi limene nkhani yonse ya thandizo la banja siilikhudza: makolo amene anamvera lamulo, anabereka mwana mmodzi, mwanayo n'kumwalira iwo atapitirira msinkhu wobereka. Boma limawapatsa ndalama yapadera. Koma pa Chaka Chatsopano, pamene khomo lililonse ladzaza alendo, ambiri a iwo amatseka chitseko kapena kuchoka pamudzi kuti asaone chisangalalo cha ena. Kwa anthu amenewa, anansi ndi achipatala ndiwo banja lokhalo limene latsala.

Nthawi yathu yatsala pang'ono. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukutimvera muli ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Johannesburg, makolo anu ali kumudzi, ndipo foni ija ya m'kasewero mwaizindikira. Pitirizani kutumiza ndalamazo, zikugwira ntchito. Koma mukaimba foni sabata ino, musakhutire ndi yankho loti ndili bwino. Funsani kuti dzulo anagona nthawi yanji ndipo anadzuka nthawi yanji. Funsani kuti adya chiyani lero, ndiwo zake zinali chiyani. Funsani kuti kutchalitchi kapena kumzikiti anapita liti komaliza, ndipo anacheza ndi ndani. Apempheni nzeru pa nkhani ina yanu, kuti adziwe kuti mukuwafunabe. Khalani ndi nambala ya mnansi wawo amene angakuuzeni zimene iwo sanganene. Ndipo mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposa sakugona, sakudya, asiya zimene ankakonda, kapena akutchulatchula za imfa, musadikire tchuthi cha Khirisimasi. Pezani munthu wowaperekeza kuchipatala, ndipo mukafika kumeneko mufotokozere achipatala zonsezi, osati za mutu zokha.



(NYIMBO YOTSEKERA)